Chimangirizo chamtsutso: ana akungondandalika mfundo, tiwaongola bwanji?

Choko ndi Bolodi

Moni nonse pagulu pano. Tithandizaneko pa chimangirizo chamtsutso. Mwana wa Fomu 4 mukamupatsa mutu wakuti "Boma liletseretu kugulitsa makala m'mizinda. Vomerezani kapena tsutsani," amakulemberani ndime zisanu: Poyamba, Kachiwiri, Kachitatu, Kachinayi, Pomaliza. Ndime iliyonse yanyamula kuipa kumodzi kwa makala: mitengo ikutha, nthaka ikukokoloka, utsi ukudwalitsa anthu. Chichewa chake n'chosalala, zilembo zake n'zooneka bwino, koma mukafika kumapeto simupeza pamene walimbana ndi munthu aliyense. Wafotokoza, sanatsutse. Inu mumawaongola bwanji? Ndikufuna njira zogwirika, osati zija zakuti "aziwerenga kwambiri".

Cholembera Chofiira

A Choko, matendawo amayambira pa mutu, mwana asanalembe ndi chilembo chimodzi chomwe. Mutu umenewo sukufunsa ngati makala ndi oipa. Zimenezo palibe akuzikana. Ngakhale bambo wokankha njinga ya matumba atatu usiku wonse akudziwa kuti mitengo ikutha, ndipo akudziwa kuposa ife, chifukwa chaka ndi chaka amaitsatira kutali. Funso ndi lakuti: kodi kuletsa ndiwo mankhwala ake?

Muphunzitseni kudula mzere kunsi kwa mawu amene asenza mkangano. Apa alipo atatu. "Boma": ndiye kuti tikukamba za lamulo, apolisi, alonda a nkhalango ndi makhoti, osati za ulaliki kapena chikumbumtima cha munthu. "Liletseretu": kachidutswa ka "-eretu" kameneka n'kolemera, kakutanthauza kuti palibe chiphaso, palibe nthawi yokonzekera, palibe makala ololedwa. "M'mizinda": za nkhuni za kumudzi zisalowemo, pokhapokha ngati zikukhudza mzinda.

Akatero alembe mbali yake m'chiganizo chimodzi papepala lokonzekera, ndipo achiyese ndi funso ili: kodi munthu wanzeru zake angachikane? "Mitengo ndi yofunika pa moyo wa munthu" palibe angakane, choncho si mbali. "Boma lisaletse makala m'mizinda lisanapereke njira ina yophikira imene anthu angaikwanitse" pamenepo anthu angakangane mpaka dzuwa kulowa. Imeneyo ndiyo mbali. Asayambe kulemba chiyambi chiganizo chimenechi chisanakhazikike.

Nduna ya Bwalo

Ndionjezere pamenepo. Ana athu mtsutso amaudziwa kale, kungoti sitinawauze kuti ndi womwewo. Pabwalo la mfumu, mwini munda akati "mbuzi za uje zadya chimanga changa," palibe amamugamulira chipukutamisozi pa mawu okhawo. Nduna zimafunsa: unaziona ndi maso? Akati "ndinapeza mapazi a mbuzi m'munda," funso lina limabwera: mbuzi m'mudzi muno n'zambiri, wadziwa bwanji kuti n'za uje? Ndipamene amati, "mapaziwo ndinawalondola mpaka pakhola pake, ndipo mbali imeneyo khola ndi limodzi lokha." Mlandu wagwira pamenepo, osati pa mapazi.

Ndime ya chimangirizo chamtsutso ili ndi ziwalo zitatu zomwezo. Pali chonena. Pali umboni. Ndiye pali chimene tingachitche mlatho, chiganizo chimodzi kapena ziwiri zosonyeza kuti umboniwo ukutifikitsa bwanji pa mbali imene mwana wasankha. Katswiri wa ku Britain, Stephen Toulmin, adachifotokoza bwino chiwalo chimenechi mu 1958, koma nduna za mfumu zinkachifunsa kalekale iye asanabadwe. Ana onse ali nacho chonena, ena ali ndi umboni, koma mlatho ndiwo umasowa. Amaganiza kuti wowerenga awoloka yekha.

Onani ndime iyi: "Makala amawononga nkhalango. Mwachitsanzo, nkhalango ya Dzalanyama ikutha chifukwa cha ootcha makala. Kachiwiri..." N'zoona, koma ndiye chiyani? Wotsutsa naye angalembe zomwezo.

Tsopano iyi: "Makala ootchedwa ku Dzalanyama ambiri sagwiritsidwa ntchito m'midzi yozungulira nkhalangoyo, amapita ku Lilongwe. Wootcha amagwetsa mtengo chifukwa akudziwa kuti mumzinda muli wogula. Choncho lamulo logwira pa msika wa mumzinda likhoza kuchita zimene alonda a m'nkhalango alephera, popeza misika ndi misewu yolowera mumzinda n'zowerengeka, pomwe tinjira ta m'thengo n'tosawerengeka." Ndime imeneyi yayankha mutu: chifukwa chiyani kuletsa, ndiponso chifukwa chiyani m'mizinda.

Wa ku Dzalanyama

Pa mutu wa makalawu umboni woona ulipo wokwanira, mwana asavutike n'kupeka.

Lamulo la nkhalango la 1997 lidaletsa kale kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zidakwera. Mfundo imeneyi n'njokoma chifukwa imagwira ntchito mbali zonse. Wotsutsa anena kuti lamulo lakhalapo zaka zoposa 25 koma matumba akadali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndiye lamulo lina lisintha chiyani? Wovomereza anena kuti lamulo lolola makala ena n'kukana ena n'lovuta kulondoloza, chifukwa thumba silinena kumene lachokera. Kuletseratu kumachotsa pobisalira. Mwaona kuti umboni ndi umodzi, chasintha ndi mlatho uja a Nduna anena.

Mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama, chifukwa mtsinje wa Lilongwe, umene umapatsa mzindawo madzi kudzera ku Kamuzu Dam, umachokera kumeneko. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo matope ochokera m'mapiri opanda mitengo amadzaza madamu n'kuchepetsa mphamvu ya makina. Mwana wochenjera aona kuti apa pali chizungulire: magetsi akazima anthu amagula makala, makala akachuluka matope amachuluka, magetsi n'kuzimanso.

Chenjezo limodzi. Ena amalemba kuti makala ndiwo adawononga Kapichira mu 2022. Ayi. Chidawononga damulo mu Januwale 2022 ndi madzi osefukira a namondwe Ana. Mungathe kunena kuti nthaka yopanda mitengo imakulitsa kusefukira kwa madzi, koma musalumphe n'kunena kuti ootcha makala adagumula damu. Wowerenga wodziwa akagwira bodza limodzi lotere, amakayikira ndime zonse, ngakhale zoona zomwe.

Cholembera Chofiira

Ndipo pa manambala tinenepo mosabisa. Mwana akalemba kuti "anthu 85 pa 100 alionse" chakutichakuti, mufunseni wazitenga kuti. Kawirikawiri wazitola m'mwamba poganiza kuti nambala imaopseza wochonga. Kandimverere adakanena za m'maluwa. M'chipinda cha mayeso mulibe intaneti, ndiye umboni wodalirika ndi wa mitundu itatu: chinthu chodziwika chimene akuchikumbukira bwinobwino, monga chaka cha lamulo, chinthu chimene aliyense angachione ndi maso, monga mbaula pakhonde la nyumba imene ili ndi waya wa magetsi, ndi kulondola chifukwa ndi zotsatira zake mwanzeru. "Mabanja ambiri a m'mizinda amaphikira makala" n'zoona ndipo n'zokwanira. Nambala yopeka siionjezera kanthu, imangoika khosi pampeni.

Choko ndi Bolodi

Zikomo akuluakulu. Funso lina limene limatigawanitsa ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi: ena amati mwana apereke mbali zonse ziwiri mofanana n'kusankha kumapeto, ena amati asatchule n'komwe mbali inayo kuopa kudzigwetsa. Zoona n'ziti?

Mayi wa Kalabu ya Mtsutso

Onse awiri alakwitsa, bambo. Choyamba muone malangizo. Akati "Fotokozani ubwino ndi kuipa kwa..." ndiye kuti akufuna mbali zonse. Akati "Vomerezani kapena tsutsani," mwana asankhe, ndipo asankhe m'ndime yoyamba, osati kumapeto. Mapanga awiri avumbwitsa. Amene amalemba ndime ziwiri uku, ziwiri uko, n'kumaliza ndi "choncho zonse zili ndi ubwino ndi kuipa kwake" sanayankhe funso.

Koma kusankha mbali si kutseka makutu. Pabwalo sumapambana chifukwa mnzako sanayankhule. Umapambana chifukwa wayankhula ndipo wamuyankha. Choncho pakhale ndime imodzi yoperekedwa kwa mbali inayo, ndipo malo ake abwino ndi pambuyo pa mfundo zako, mathero asanafike. Ukaiika koyambirira, wowerenga amasokonezeka kuti uli mbali iti. Ukaiika kumapeto kwenikweni, mawu otsiriza amakhala a mdani.

Cholakwika chachikulu apa n'kusankha mfundo yofooka ya mbali inayo kuti uigwetse mosavuta. Wovomereza kuletsa makala amalemba kuti, "Ena amati nsima yophika pa makala imakoma, koma zimenezi n'zopanda pake." Ndani adabwera ndi mfundo imeneyo pa mtsutso weniweni? Mfundo yoluma ndi iyi: mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire, amene alibe magetsi, gasi sangamukwanitse, nkhuni mumzinda mulibe, aphikira chiyani mawa m'mawa? Ndipo wootcha uja, amene munda wake sumufikitsa ku Januwale, adya chiyani? Imeneyo ndiyo uyenera kuitchula, ndipo uitchule mwaulemu, moti mwini wake atamva anene kuti "eya, ndi zimene ndikutanthauza."

Kuyankha kwake kuli njira zitatu. Utha kukana kuti si zoona, ngati uli ndi umboni. Utha kuvomera kuti n'zoona koma n'kusonyeza kuti zili ndi mankhwala: mwachitsanzo, boma litsitse mtengo wa gasi ndi mbaula zosawononga, lilimbikitse makala opangidwa kuchokera ku utuchi ndi zotsalira za mbewu. Kapena utha kuvomera kuti n'zoona ndipo n'zowawa, koma n'kuyeza kulemera kwake: kuvutika kophika lero n'kochepa poyerekeza ndi mzinda wopanda madzi. Njira yachitatuyi ndiyo ya akuluakulu, ndipo ana saidziwa chifukwa amaganiza kuti kuvomera kanthu n'kugonja.

Nduna ya Bwalo

Mayi, pa njira yachiwiriyo pali msampha. Mwana wovomereza "liletseretu" akayamba kunena kuti boma liyambe latsitsa mtengo wa gasi kenako n'kuletsa, wawolokera mbali ya wotsutsa osadziwa. Wasanduka wonena kuti "lisaletse lisanakonze njira ina." Ngati akufuna kukhalabe wovomereza, anene kuti ziwirizo zichitikire limodzi, kapena kuti kuletsako n'kumene kudzakakamize msika wa njira zinazo kukula.

Mayi wa Kalabu ya Mtsutso

Mwagwira pabwino. N'chifukwa chake chiganizo chija cha mbali chiyenera kukhala pamaso pake nthawi yonse. Akamaliza ndime iliyonse abwerere kukachiwerenga: kodi ndikadali pomwe ndinaima?

Cholembera Chofiira

Zonsezi n'zabwino, koma tikumbukire kuti pa mayeso pali malire a mawu ndi a nthawi. Tiyerekeze kuti malangizo akuti mawu akhale pakati pa 350 ndi 500. Mwana alinge pa 450 ndipo awagawe asanayambe: chiyambi mawu 50, ndime zitatu za mfundo mawu 95 iliyonse, ndime ya mbali inayo mawu 80, mathero mawu 40. Zikukwana 455. Mukaona masamu amenewa mumvetsa chifukwa chake mfundo zisanu n'zosatheka. Mfundo zisanu m'malo omwewo ndiye kuti iliyonse ili ndi mawu osakwana 60, ongokwanira chonena ndi kachitsanzo. Mlatho umafera pamenepo. Mfundo zitatu zomangidwa bwino zimaposa zisanu ndi ziwiri zongotchula.

Kuwerenga mawu limodzilimodzi kumadya nthawi. Awerenge mawu a m'mizere isanu, agawe ndi 5, adziwe kuti dzanja lake limalemba mawu angati pa mzere. Mawu a Chichewa ndi aatali, mzere sumeza ambiri ngati pa Chingerezi, ndiye asatengere chiwerengero cha phunziro linalo. Akadziwa nambala yake, amangowerenga mizere.

Nthawi aigawenso: pa mphindi khumi zilizonse, ziwiri n'zokonzekera, zisanu ndi ziwiri n'zolemba, imodzi n'njowerenganso. Pokonzekera alembe mfundo zonse zobwera m'mutu, zisanu ndi imodzi kapena kuposa, kenako afufute zimene alibe umboni wake ndi zimene zikungobwereza zinzake. "Mitengo ikutha" ndi "nkhalango zikuwonongeka" ndi mfundo imodzi yovala malaya awiri. Pa zitatu zotsalazo, yamphamvu kwambiri ikhale yomaliza, yotsatira mphamvu ikhale yoyamba, yocheperapo ibisale pakati.

Mkonzi wa Tsamba

Ndilowererepo pa mbali yowerenga, chifukwa mwana amene sadziwa kumasula mtsutso wa wina sangamange wake.

Poyamba tisiyanitse chimangirizo chokopa ndi chamtsutso, popeza ambiri amazisakaniza. Chamtsutso chimafuna kuti wowerenga avomere kuti mfundo yako ili ndi maziko. Chimayenda ndi umboni, ndipo chimapatsa mbali inayo mpata. Chokopa chimafuna kuti wowerenga achite kanthu: avote, agule, apereke, asiye. Chimayankhula kwa munthu wodziwika, chimati "inu makolo", "inu a khonsolo", chimagwiritsa ntchito mafunso osafuna yankho ndi kubwereza mawu, ndipo chimatha ndi pempho lomveka. Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo, adati munthu amakopedwa ndi zinthu zitatu: kudalirika kwa woyankhula, kukhudzika kwa mtima wa womvera, ndi kulongosoka kwa mfundo. Chamtsutso chimatsamira pa chachitatu. Chokopa chimagwiritsa zonse, ndipo palibe cholakwika pamenepo malinga ngati kukhudza mtimako kwaima pa zoona.

Tengani ndemanga ya mkonzi kapena kalata ya owerenga m'nyuzipepala, mupatse ana pensulo, ayankhe mafunso anayi. Wolembayu akufuna ndikhulupirire kapena ndichite chiyani? Alembe m'chiganizo chimodzi, m'mawu awoawo. Wapereka zifukwa zingati? Aike manambala m'mbali. Chifukwa chilichonse chaima pa chiyani? Adule mzere kunsi kwa umboni; ndime yopanda mzere ndi ndime yopanda umboni, ngakhale ikhale yokoma chotani. Funso lachinayi ndilo lovuta: ndi chiyani chimene wolembayu sananene?

Chitsanzo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana olembetsa chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Wolemba wina atenga nambalayo n'kunena kuti ndondomekoyo idapambana kotheratu. Wina atenga yomweyo n'kunena kuti ndiyo idagwetsa maphunziro, chifukwa ana adaphunzirira pansi pa mitengo ndipo padalembedwa aphunzitsi ambiri osaphunzitsidwa mokwanira. Palibe wanama. Woyamba sananene za makalasi, wachiwiri sananene za ana oposa miliyoni amene akadakhala kunyumba. Wowerenga wabwino amafunsa chimene chasiyidwa.

Mawu ena akhale ngati belu m'makutu mwa ana. "Aliyense akudziwa kuti": ngati aliyense akudziwa, bwanji tikukangana? "Kafukufuku waonetsa kuti": wa yani, wa liti, adafunsa anthu angati? "Anthu 500 adadwala": mwa angati? 500 mwa 600 ndi mliri, 500 mwa miliyoni ndi nkhani ina. "Chiyambire chakutichakuti, zinthu zaipa": tambala amalira dzuwa lisanatuluke, koma si iye amalitulutsa. Ndiye pali kusiya mfundo n'kuyamba kunyoza mwini mfundo, ndi kupanikiza wowerenga pa njira ziwiri zokha, ngati "tiletse makala kapena tife tonse", pomwe njira zapakati zilipo.

Mlongo wa Galamala

Inetu ndikambe za timawu tating'ono, chifukwa mtsutso umayenda pa timawu timeneti. "Poyamba, kachiwiri, kachitatu" amangowerenga. Sanena kuti mfundo iyi ikugwirizana bwanji ndi inzake. Mawu onyamula ganizo ndi "chifukwa", "popeza", "choncho", "motero", "ngakhale", "komabe", "pokhapokha". Chimangirizo chopanda "chifukwa" ndi "komabe" si chamtsutso, musavutike n'kuchiwerenga kawiri.

Koma "choncho" ndi amene amazunzika kwambiri. Mwana amalemba kuti, "Makala ndi okwera mtengo. Choncho mitengo ikutha." Chachiwiricho sichikuchokera m'choyambacho. Njira yoyesera n'njapafupi: tembenuzani ziganizozo muikepo "chifukwa". "Mitengo ikutha chifukwa makala ndi okwera mtengo." Sizikumveka, ndiye "choncho" uja ndi wabodza. "Makala ndi okwera mtengo chifukwa mitengo ikutha" ndiye zikumveka, kusonyeza kuti mwanayo adazondotsa chifukwa ndi zotsatira.

"Ngakhale" amafuna mbali ziwiri m'chiganizo chimodzi, ndipo mbali yolemera ndi yachiwiri. "Ngakhale makala amathandiza osauka, akuwononga magwero a madzi" ndi chiganizo cha wovomereza. "Ngakhale makala akuwononga magwero a madzi, ndiwo okha amene osauka angakwanitse" ndi cha wotsutsa. Mawu omwewo, mbali zosiyana. Ambiri amasiya "ngakhale" ali lendelende, n'kuika mpumiro mbali yachiwiri isanabwere.

Achenjerenso ndi "onse", "palibe", "nthawi zonse". "Ootcha makala onse ndi akuba" imagwa ndi munthu mmodzi yekha wa chiphaso. "Ambiri", "kawirikawiri", "ena" si mantha ayi, ndi kutseka mipata.

Pomaliza, miyambi. Ine ndimati aichepetse kwambiri, mwina aisiye. Mwambi si umboni.

Nduna ya Bwalo

Achemwali, apo pokha tisiyane pang'ono. Kuti mwambi si umboni ndikuvomera, ndipo chifukwa chake n'chakuti mwambi uliwonse uli ndi mnzake woutsutsa. Wotsutsa akati boma lidekhe, "kuona maso a nkhono n'kudekha," wovomereza amuyankha kuti "ndionetsetse adathetsa nkhosa." Palibe wasuntha. Koma kuisiyiratu n'kuchotsa mchere m'ndiwo. Chimangirizo cha Chichewa chimayembekezeka kukhala ndi nsinjiro za chiyankhulo, ndipo mwambi woikidwa pamalo pake umagwira ntchito ya mlatho mwachidule. Wovomereza akamaliza kuvomera kuti kuletsa kudzapweteka ena, "walira mvula walira matope" wanena m'mawu anayi zimene zikadatenga mizere itatu. Lamulo likhale ili: mwambi ubwere pambuyo pa umboni, osati m'malo mwa umboni, ndipo isapitirire iwiri m'chimangirizo chonse.

Mlongo wa Galamala

Iwiri ndivomera, achimwene. Chimene ndikudana nacho ndi mwana woloweza miyambi khumi n'kumaithira paliponse ngati tomato. "Mutu umodzi susenza denga" umapezeka m'mathero a chimangirizo chilichonse, kaya n'cha makala, cha edzi kapena cha mpira.

Choko ndi Bolodi

Nanga chiyambi ndi mathero? Zambiri zimene ndimalandira zimayamba motere: "Makala ndi zinthu zakuda zimene zimapangidwa kuchokera ku mitengo. M'chimangirizo chino ndifotokoza za makala."

Mkonzi wa Tsamba

Ndaseka, koma n'zachisoni, chifukwa mawu 50 aja atha pouza Mmalawi chimene makala ali. Kutanthauzira mawu kumafunika pokhapokha ngati tanthauzolo ndi gawo la mkangano. Pa mutu wakuti "ana asamagwire ntchito", kunena kuti "ntchito" ndi ganyu wa kumunda wa fodya kapena kutsuka mbale pakhomo n'kofunika. Pa makala n'kosafunika.

Chiyambi chili ndi ntchito zitatu, ziganizo zitatu kapena zinayi: kusonyeza kuti nkhaniyi n'njofunika, kusonyeza kuti pali mkangano, ndi kunena mbali. Mwachitsanzo: "Madzulo alionse utsi wa mbaula umakwera m'makonde a ku Kawale ndi ku Chilomoni, ndipo thumba lililonse la makala ndi mtengo umene wagwa kwinakwake. N'chifukwa chake ena akuti boma liletseretu malondawa. Koma kuletsa chinthu chimene anthu sangakhale popanda icho sikuchithetsa, kumangochikweza mtengo ndi kuchibisa. Boma lisaletse makala m'mizinda lisanapereke njira ina yophikira." Wowerenga wadziwa kale kumene tikupita.

Mathero asabweretse mfundo yatsopano, chifukwa palibenso malo oitetezera. Asakoperenso chiyambi liwu ndi liwu. Anene mbali ija m'mawu ena, tsopano itanyamula kulemera kwa zimene zakambidwa, ndipo ngati n'chokopa, atchule amene ayenera kuchitapo kanthu ndi chimene achite. "Tiyeni tonse tigwirane manja" si pempho, palibe akudziwa kuti achite chiyani Lolemba m'mawa. "Khonsolo ipatule malo m'misika yake ogulitsirapo makala a utuchi popanda chiphaso cha tsiku" ndi pempho.

Za "ine ndikuganiza kuti": kamodzi n'kokwanira, m'chiyambi. Kuibwereza m'ndime iliyonse kumafooketsa, kumamveka ngati kupepesa.

Mayi wa Kalabu ya Mtsutso

A Choko adapempha zogwirika, ndiye nazi zochita m'kalasi, ngakhale la ana 90.

Masewera a "ndiye?". Ana akhale awiriawiri. Wina anene mfundo, mnzake ayankhe liwu limodzi lokha: "Ndiye?" Woyambayo apitirize mpaka afike pa mutu. "Matope akudzaza damu la Nkula." Ndiye? "Magetsi akuchepa." Ndiye? "Anthu akugula makala ambiri." Ndiye? "Vutoli silingathe lokha, likufunika lamulo." Zimene wayankha pakamwazo ndiwo mlatho, azilembe. Mphindi khumi zikwana.

Kusinthana mbali. Mwana akalemba kovomereza sabata ino, sabata yamawa alembe ndime ziwiri zotsutsa pa mutu womwewo. Amadandaula kuti akunama, koma akabwerera ku mbali yake ndime ija ya mbali inayo imatuluka yamphamvu, chifukwa wakhalamo m'nyumba ya mdani.

Kuchongerana ndi zizindikiro zitatu. Asinthane makope, ndipo m'mbali mwa ndime iliyonse alembe C pa chonena, U pa umboni, M pa mlatho. Sakupereka malikisi, akungosaka ziwalo. Ndime yosowa M ibwerere kwa mwini wake. Inu aphunzitsi mumangoyendera mizere n'kuona pamene awiri akukangana ngati chiganizo chili U kapena M, ndipo mkangano umenewo ndiwo phunziro lenilenilo.

Wa ku Dzalanyama

Kakang'ono pa chitsanzo cha a Mkonzi. "Thumba lililonse la makala ndi mtengo umene wagwa" chikumveka bwino, koma wotsutsa watcheru akugwirani: makala a utuchi ndi a zotsalira za mbewu nawonso amagulitsidwa m'matumba, ndipo a utuchiwo inu nomwe mwawatchula m'mathero. Komanso mtengo waukulu umodzi umatulutsa matumba angapo.

Mkonzi wa Tsamba

Mwandigwira ndi "lililonse", yemwe uja a Mlongo atichenjeza. Chikhale chotere: "ndipo ambiri mwa makala amenewo achokera m'nkhalango zimene sizikubzalidwanso." A Choko, mukakopera chitsanzocho pa bolodi mukopere chokonzedwachi, kapena bwino kwambiri, mulembe cholakwikacho muone ngati pali mwana amene achigwire.